Msilikali Wonyamula Chikwama cha Mankhwala

Boma likangolengeza kuti likulemba asilikali atsopano, mbiri imafika kuno kum'mawa kwa Zambia, kwa Kalindawalo, kwa Mumbi, kwa Ndake mpaka kuchigwa kwa Luembe tsiku lomwelo. Anyamata ndi atsikana amene anamaliza Giredi 12 amatulutsa masatifiketi m'masutikesi, chitupa chobiriwira cha NRC chili kale m'thumba, ndipo makolo amagulitsa mbuzi kapena thumba la nsawa kuti mwana apeze yokwerera basi. Ambiri akamaganiza za usilikali amaona mfuti, jombo ndi malipiro osaphonya mwezi. Ndi ochepa amene amadziwa kuti m'gulu lomwelo muli munthu wina amene amavala yunifomu ngati anzake, amaguba nawo, amagona nawo kuthengo, koma kumsana wabereka chikwama cha mabandeji, madiripi ndi majakisoni. Ameneyu ndiye msilikali wachipatala, amene anzake amangomuitana kuti mediki.

Ntchito yake yeniyeni ili pa mtunda wochokera pamene munthu wagwera kukafika pakhomo la chipatala. Dokotala wa opaleshoni amadikira wovulala m'chipinda chowala magetsi, zida zili zowiritsa kale, magazi ali m'firiji. Mediki amakumana ndi munthu yemweyo ali m'fumbi, mwina usiku, mwina mfuti zikadali kulira, ndipo zimene manja ake angachite pa mphindi zoyambirirazo n'zimene zimagamula ngati dokotala uja alandire wodwala kapena mtembo. Kuno kwathu midzi yambiri ili kutali ndi zipatala. N'chifukwa chake ndikuona kuti luso limeneli si la kunkhondo kokha, ndipo zimandipweteka kuti lambiri latsekeredwa m'makampu.

Asilikali a dziko la Zambia ali m'magulu atatu: Zambia Army, Zambia Air Force ndi Zambia National Service. Onsewa ali ndi anthu awo azachipatala, ndipo nthambi yoyang'anira ntchitoyi imatchedwa Defence Force Medical Services. Chipatala chawo chachikulu ndi Maina Soko ku Lusaka, ndipo sukulu yawo, Defence School of Health Sciences, ilinso mumzinda womwewo. Khomo lolowera lili pawiri. Wina amayamba walembedwa usilikali wamba, n'kupirira maphunziro onse a perete ndi mfuti, kenako akuluakulu akaona kuti mutu wake umagwira, amamutumiza kukaphunzira zachipatala. Wina amabwera ali kale namwino, clinical officer, woyeza magazi kapena wodziwa za mankhwala, n'kulowa usilikali ndi pepala lake. Koma naye sathawa matope. Amametedwa mpala, amathamanga, amakwawa, chifukwa munthu amene sangakwanitse kuyenda makilomita ambiri atasenza katundu sangafike pamene pagwera mnzake. Walira mvula walira matope.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti masiku ochuluka a mediki sathera kunkhondo ayi. Amathera pakiliniki ya mkampu, monga ya ku Gondar ku Chipata kapena ya ZNS ku Chiwoko m'boma la Katete. M'mawa asilikali odwala amafola, iye n'kumayeza kutentha kwa thupi, kubaya chala kuti aone malungo, kupereka Coartem, kutsuka zilonda za kumapazi. Akatha amenewo pamabwera akazi ndi ana a asilikali, ndipo pambuyo pawo anthu a m'midzi yozungulira. Ofufuza amene anayendera zipatala za asilikali cha m'ma 2013 analemba kuti zinalipo 54 m'dziko lonse, ndipo mwa odwala 10 alionse obwera kumeneko, pafupifupi 8 anali anthu wamba. Ndiye kuti mayi wopita kusikelo, agogo odzatenga ma ARV, mwana wotsegula m'mimba, onsewa amadutsa pageti la asilikali. Amene akufuna ntchitoyi chifukwa cha mafilimu adziwiretu kuti adzalemba makadi ambiri kuposa mabala a zipolopolo amene adzamange.

Komabe tsiku la bala limabwera, ndipo maphunziro onse amalunjika pa tsikulo. Madokotala a asilikali a ku United States anaunika imfa 4,596 za asilikali awo ku Iraq ndi ku Afghanistan kuyambira 2001 mpaka 2011. Anapeza kuti pafupifupi 87 mwa 100 alionse anafa asanafike kuchipatala. Mwa amenewo, pafupifupi mmodzi mwa anayi anali ndi mabala amene munthu akanatha kuchira nawo, ndipo mwa oterowo, 9 mwa 10 anaphedwa ndi kutaya magazi. Munthu wamkulu ali ndi magazi okwana malita asanu okha. Mtsempha waukulu wa pantchafu ukaduka, mphindi zochepa zimakwana kuti munthu akomoke n'kutsirizika. Palibe ambulansi imene ingathamange kuposa pamenepo.

Chifukwa cha zimenezi, ndondomeko imene asilikali a mayiko ambiri amaphunzira masiku ano, imene inayamba kulembedwa mu 1996, inasintha zimene tinkaphunzira kusukulu. Kale tinkauzidwa kuti choyamba ndi kuona ngati munthu akupuma. Mediki amayamba ndi magazi. Ngati akutumphuka pamkono kapena pamwendo, amamanga lamba wotchedwa tourniquet pamwamba pa balalo, osati pabondo kapena pachigongono, n'kupotokola mpaka magazi atasiya. Zimapweteka koopsa, wovulala amakuwa ndi kuchonderera kuti amumasule, koma mediki samasula. Amalemba nthawi imene wamangira, palambapo kapena pamphumi pa munthuyo, kuti dokotala akadziwe, chifukwa mwendo umapirira bwino kwa maola pafupifupi awiri ndipo kupitirira apo minofu imayamba kuwonongeka. Bala likakhala m'khwapa kapena m'mphechepeche, pamene lamba sangagwire, amalowetsa nsalu yoyera mkati mwenimweni mwa bala n'kutsindira ndi thupi lake lonse. Akatero m'pamene amaona kukhosi ngati mpweya ukudutsa, kenako chifuwa. Chipolopolo chikaboola chifuwa, mpweya umatha kudzaza kunja kwa phapo n'kulifinya, ndipo mediki amaphunzira kubaya singano yaikulu pakati pa nthiti kuti mpweyawo utuluke. Ngati ali nawo, amabaya mankhwala a tranexamic acid othandiza magazi kugwirana, amene kafukufuku wamkulu wa mu 2010 anasonyeza kuti amapulumutsa anthu akaperekedwa pasanathe maola atatu.

Chomaliza chimadabwitsa anthu: amamufunditsa. Ngakhale mu Okutobala, dzuwa la kuchigwa cha Luangwa likuswa mtengo, munthu wotaya magazi amazizidwa, ndipo magazi ozizira sagwirana. Bulangete ndi mankhwala.

Apa ndiyenera kupatuka pang'ono, chifukwa pali chizolowezi china chimene chapundula anthu m'midzi mwathu. Lamba uja ndi wa magazi otumphuka basi, si wa njoka. Munthu akalumidwa ndi mphiri, ife timathamangira kumanga ndi luzi kapena mphira, kutema ndi lumo, kuyamwa. Ululu wa mphiri umawononga minofu pamalo pomwepo, ndipo kumanga kumangowonjezera kuwola, mapeto ake munthu amadulidwa mwendo umene ukanachira. Choyenera ndi kumugoneka, kuvula mphete ndi zibangili, kusasuntha chiwalo cholumidwacho, n'kuthamangira naye kuchipatala. Mediki wophunzira bwino amasiyanitsa zinthu ziwirizi, ndipo kusiyanitsa kotereku ndiko kumaonetsa kuti munthu anaphunziradi.

Pali lamulo lina lowawa limene amaphunzitsidwa. Mnzako akagwa poyera mfuti zikulira, suthamangira pomwepo. Gulu limayamba labweza moto, wovulala amauzidwa kuti akwawire pobisika ndi kudzimanga yekha ngati angathe. Mediki akafa, onse otsala atsala opanda wowathandiza. Ovulala akachuluka amayenera kusankha: uyu adikire, uyu ndiyambe naye, uyu ngakhale nditatani sapulumuka. Kusankha kumeneku anakukhazikitsa ndi Dominique Jean Larrey, dokotala wa asilikali a Napoleon, amene analamula kuti wovulala kwambiri ndiye ayambe kuthandizidwa posayang'ana udindo wake. Kulemba n'kosavuta. Koma wachinyamata wa zaka 24 amene wadutsa mnzake wogona naye tenti imodzi kuti akathandize wina amasenza chinthu chimenecho moyo wake wonse.

Bungwe la United Nations lili ndi muyeso wake wa nthawi: thandizo loyamba lifike pasanathe mphindi 10, thandizo la akatswiri pasanathe ola limodzi, opaleshoni pasanathe maola awiri. Tiyeni tiuike muyesowu pa dziko lathu. Kuchoka pa mlatho wa Luangwa kukafika ku Nyimba ndi makilomita pafupifupi 100 a mapiri ndi makona, kudutsa ku Kacholola, msewu wa mabasi a usiku ndi mathiraki olemera. Kumbuyo kuli chipatala cha mishoni cha St Luke's ku Mpanshya, kutsogolo kuli chipatala cha boma cha Nyimba, kenako Minga, chipatala cha boma cha Petauke ndi cha Kalindawalo, ndipo mabala aakulu amapitirira mpaka ku St Francis ku Katete, ku Chipata kapena kubwerera ku Lusaka. Umenewo ndi msewu wa tala. Nanga wa kwa Nyalugwe kapena kwa Mwape, nthawi ya dzinja mitsinje itadzaza, amene ulendo wake umayamba pa ngolo kapena pa machira? Kumeneko maola awiri aja amasanduka tsiku lathunthu. Mediki wogwira ntchito m'dera lotere sangadalire helikopita. Ayenera kudziwa kusunga munthu usiku wonse: kuwerenga kugunda kwa mtima, kuona ngati akukodza, kupereka mankhwala opha ululu ndi oletsa bala kuwola, kumutembenuza, kulemba zonse. Limeneli ndi luso lovuta kuposa kumanga lamba, ndipo ndi limene asilikali a ku Africa amalifuna kwambiri.

Madera ano nkhondo anaiona. Kuyambira mu 1987, zigawenga za RENAMO zinkaoloka malire kuchokera ku Tete n'kumaukira midzi ya ku Chadiza, ku Katete ndi m'boma la Petauke, limene nthawi imeneyo linkaphatikiza Nyimba. Ankapha, ankaba ng'ombe ndi chakudya, ankatenga anthu kuti awasenzere katundu. Asilikali a Zambia anatumizidwa kumalire, ndipo nthawi zina ankawalondola mpaka mkati mwa Mozambique. Chaka chomwecho boma linatsegula malo a othawa nkhondo ku Ukwimi, kumene kunakhala anthu a ku Mozambique oposa 20,000 mpaka pamene anabwerera kwawo, mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Akuluakulu a kumalire amakumbukabe kugona kuthengo. Nkhondo zitatha, mabomba okwirira pansi anatsala m'madera ena a m'malire, ena a nthawi imene FRELIMO inkamenyana ndi Apwitikizi, ndipo dziko la Zambia linalengeza kuti lamaliza ntchito yochotsa mabombawo mu 2009. Gulu lochotsa mabomba siliyamba ntchito popanda wachipatala pafupi, chifukwa bomba lotere limadula phazi n'kukankhira dothi ndi zidutswa za nsapato mkati mwa mwendo.

Koma mbiri ya usilikali imaphunzitsa chinthu china chimene achinyamata sakonda kumva: chipolopolo si ndicho chimapha kwambiri. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, Angelezi anatenga amuna ambirimbiri kuno ku Northern Rhodesia ndi ku Nyasaland kuti akhale amtengatenga pa nkhondo yolimbana ndi Paul von Lettow-Vorbeck, amene anadzagonjera ku Mbala mu Novembala 1918. Amtengatenga pafupifupi 95,000 a mbali ya Angelezi anafa kum'mawa kwa Africa, ndipo ochuluka anaphedwa ndi kamwazi, malungo, chibayo ndi njala. Mayina a makampu athu amakumbutsa nkhondo yachiwiri: Tug Argan ku Ndola ndi nkhondo ya ku Somaliland ya mu 1940, Gondar ku Chipata ndi ya ku Ethiopia ya mu 1941, ndipo Arakan ku Lusaka ndi Chindwin ku Kabwe ndi malo a ku Burma. Ku Burma komweko mu 1943, pa msilikali mmodzi wovulala, okwana 120 ankachotsedwa kunkhondo chifukwa cha matenda. Mkulu wa asilikali William Slim anafika pochotsa paudindo makomanda amene asilikali awo sankamwa mankhwala oteteza malungo, ndipo chiwerengero cha odwala chinatsika kwambiri.

N'chifukwa chake mediki wabwino ndi munthu wovuta pamsasa. Ndiye amene amanena pokumba chimbudzi, kuti chikhale kumunsi ndiponso kutali ndi madzi ndi khitchini. Ndiye amathira klorini m'madzi, amayendera miphika, amaumiriza maneti, amavula anthu jombo kuti aone mapazi. Sajeni angamuone ngati wotaya nthawi, koma gulu limene theka lake likutsegula m'mimba lagonja kale mdani asanaoneke. Ntchito imeneyi ilibe mendulo, ndipo ine ndimaiyesa yaikulu kuposa zonse.

Chigwa cha Luangwa chilinso ndi misampha yake kwa woyeza matenda. Munthu aliyense wotentha thupi timati ndi malungo, ndipo nthawi zambiri ndi malungodi. Koma kumene kuli kashembe kulinso kaodzera, amene amayamba ngati malungo n'kupha m'miyezi yochepa akapanda kuzindikiridwa. Mu 2015 m'boma la Nyimba munabuka mliri wa makoswe, wofala ndi utitiri, umene umatupitsa mwanabere m'khwapa, m'khosi ndi m'mphechepeche. Odwala ambiri anali ana, ndipo ena mwa iwo atayezedwa anapezekanso ndi malungo. Taonani msampha wake: kachida koyezera kakuti malungo alipo, iwe n'kupereka Coartem, mwana n'kubwerera kunyumba ndi matenda ena amene amafuna mankhwala ena. Mediki amene ali yekha ndi gulu kuthengo alibe dokotala womufunsa pafupi. Chimene chimamupulumutsa ndi kuvula wodwala malaya, kumugwira, kufunsa kumene wayenda, ndi kudziwa malire a nzeru zake kuti atumize munthu kutsogolo nthawi isanathe.

Asilikali a Zambia akhala akutumizidwa kukasungitsa mtendere kunja, ndipo achipatala amapita nawo. Anali ku Mozambique mu 1993 ndi 1994. Anali ku Rwanda, ndipo mu Epulo 1995 gulu la asilikali a Zambia linali pamsasa wa othawa kwawo wa Kibeho pamene asilikali a boma anawombera khamu la anthu. Achipatala a ku Australia amene anali nawo limodzi anati akufa anaposa 4,000, ngakhale kuti boma la Rwanda linatchula chiwerengero chochepa kwambiri. Ku Sierra Leone mu Meyi 2000, zigawenga za RUF zinagwira asilikali a United Nations mazana angapo, ambiri mwa iwo a ku Zambia. Kuyambira 2015 gulu la Zambia lili ku Birao, kumpoto chakum'mawa kwa Central African Republic, kufupi ndi malire a Sudan ndi Chad. Gulu lotere limakhala ndi kachipatala kake ka madokotala awiri ndi anamwino kapena mamediki asanu ndi mmodzi, koyenera kuona odwala 20 patsiku ndi kugoneka asanu kwa masiku awiri. Zoposa pamenepo zimadikira ndege. Ulendo wakunja uli ndi ndalama, ndipo ambiri amamangira nyumba, palibe chobisa. Koma mtengo wake ulipo. Mu Novembala 2018, kufupi ndi Beni ku Congo, msilikali wa ku Malawi Chancy Chitete anaona mnzake wa ku Tanzania, Kopolo Ali Khamis Omary, atawomberedwa. Anamukokera pobisika n'kuyamba kumupatsa thandizo loyamba, ndipo ali mkati mochita zimenezo anawomberedwa n'kufa. Omary anapulumuka. Mu 2019 United Nations inapereka kwa banja la Chitete mendulo ya Captain Mbaye Diagne, yaikulu kwambiri kwa osungitsa mtendere.

Tsopano tifike pa funso limene limandivuta kwambiri. Mediki ali ndi mabwana awiri: komanda amene amamulamula, ndi wodwala amene wagona patsogolo pake. Malamulo a ku Geneva a mu 1949 amanena momveka kuti wovulala aliyense, wathu kapena mdani, athandizidwe mofanana, ndipo chosankhira woyamba ndi kukula kwa bala kokha. Wachipatala wovala chizindikiro cha mtanda wofiira sayenera kuwomberedwa. Amaloledwa kunyamula mfuti yaing'ono yodzitetezera iye ndi odwala ake, koma akayamba kumenya nawo nkhondo chitetezo chija chatha. Papepala zili bwino. Kuthengo, zigawenga zambiri sizilemekeza mtanda, ndipo asilikali amene angotaya mnzawo safuna kuona diripi yomaliza ikupita kwa munthu amene wamupha. Pamenepo mediki, amene mwina ndi kopolo chabe, ayenera kuima pamaso pa anzake okwiya n'kunena kuti uyu ndi wodwala wanga. Ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti akalephera pamenepo ndiye kuti wasiya kukhala wachipatala, ngakhale chikwama chikadali kumsana.

Nkhondo yomweyo imachitikanso mwakachetechete mkampu, pa nkhani ya chinsinsi. Komanda ali ndi ufulu wodziwa ngati msilikali angapite kuntchito kapena ayi. Alibe ufulu wodziwa zonse za m'magazi mwake. Edzi inapha asilikali ambiri m'zaka za m'ma 1990, ndipo mantha a nthawi imeneyo anabala zizolowezi zoipa. Mu 2010 khoti lalikulu ku Livingstone linaweruza mlandu wa anthu awiri amene kale anali a Zambia Air Force, amene anayezedwa HIV osauzidwa. Khoti silinavomereze kuti anachotsedwa ntchito chifukwa cha kachilomboko, koma linagamula kuti kuyeza munthu popanda chilolezo chake ndi kuphwanya ufulu wake, ndipo linalamula kuti alipidwe. Phunziro lake kwa mediki ndi lalikulu. Mkampu anthu amakhala moyandikana, akazi awo amatunga madzi pampopi umodzi. Mawu amodzi otuluka m'kiliniki madzulo amakhala atazungulira nyumba zonse. Asilikali akangodziwa kuti mediki ndi wapakamwa, amasiya kubwera, amakagula mankhwala kumsika, amabisa chifuwa ndi matenda opatsirana pogonana mpaka zitafika poipa.

Anthu a m'tauni amawaona achipatala a usilikali nthawi ya miliri. Mu Disembala 2017 Pulezidenti Edgar Lungu analamula asilikali kuti athandize kulimbana ndi kolera ku Lusaka, ndipo anayeretsa misika ndi ngalande. Mu Januwale 2024 bwalo la masewera la National Heroes linasandutsidwa chipatala cha kolera, pa mliri umene unagwira anthu oposa 20,000 ndi kupha oposa 700, ndipo achipatala a usilikali anagwira ntchito limodzi ndi anzawo a unduna wa zaumoyo. Asilikali amatha kumanga matenti, kukonza mizere ndi kugwira ntchito usiku wonse osadandaula, ndipo tiyenera kuwathokoza. Koma tisanamizane. Kolera amathetsedwa ndi mipopi ndi zimbudzi. Dziko limene limaitana asilikali dzinja lililonse likuvomera kuti m'chilimwe silinagwire ntchito yake.

Za mtima wa mediki mwiniwake sizikambidwa kawirikawiri. Ndiye amene amatseka maso a wakufa, amalemba dzina pachikwama cha mtembo, ndipo nthawi zina amaperekeza bokosi mpaka kumudzi n'kukaima pamaso pa amayi ake a malemu. Akabwerako amayembekezeka kufola m'mawa ngati palibe chachitika. Mwambo wa usilikali umati mwamuna salira, mwambo wa kumudzi umavomereza, ndipo ambiri amakathera ku mowa. Kulota zoopsa, kudzidzimuka chitseko chikamenyeka, kupsa mtima ndi ana popanda chifukwa, amenewa ndi matenda odziwika ndipo ali ndi chithandizo. Amene amasamala anzake nayenso afunika womufunsa kuti wagona bwanji.

Kwa wachinyamata wa ku Petauke kapena ku Nyimba amene akuganiza zolowa, ndinganene zinthu ziwiri. Choyamba, kulembedwa usilikali sikugulidwa, ndipo akuluakulu a asilikali amachenjeza kawirikawiri za akathyali amene amayendayenda n'kumalonjeza malo. Wokupemphani ng'ombe kapena ndalama kuti dzina la mwana lilowe ndi wakuba. Chachiwiri, ganizirani za tsiku lovula yunifomu. Usilikali umatha munthu akadali ndi mphamvu. Amene ali ndi pepala lovomerezeka ndi Health Professions Council of Zambia kapena Nursing and Midwifery Council of Zambia amatha kupitiriza ntchito pachipatala chilichonse. Amene anangophunzira za mkampu zokha, ngakhale atamanga mabala kwa zaka 20, amatha kubwerera kumudzi lamulo lisakumulola kubaya ngakhale jakisoni. Kumeneko ndi kutaya chuma cha dziko. Boma liyenera kutsegula njira yoti luso la anthu oterewa liyesedwe, awonjezere maphunziro ochepa, apatsidwe chilolezo. Ndipo msilikali amene wapeza mwayi wa sukulu asaulekerere.

Chimene ndikufunitsitsa kuona n'chakuti luso loletsa magazi lituluke pageti la kampu. Pa msewu wa Great East, ofika poyamba pangozi si madokotala. Ndi makondakitala, oyendetsa mathiraki, anyamata a njinga zamoto, apolisi apamsewu, amayi ogulitsa nthochi ku Nyimba. Anthu amenewa mtima wothandiza ali nawo, koma nthawi zambiri amanyamula wovulala mothinana kumbuyo kwa galimoto magazi akutuluka njira yonse, khosi likugwedezeka, kapena amamumwetsa madzi atakomoka. Zimene afunika kudziwa n'zochepa: kutsindira bala mwamphamvu osasiya, kumanga chitenje chopinda mulifupi ndi kupotokola ndi kamtengo m'malo mwa chingwe chopyapyala kapena waya, kulemba nthawi, kugoneka wokomoka chammbali, kumufunditsa, kunyamula mutu ndi msana mowongoka. Zonsezi munthu amaphunzira tsiku limodzi, ndipo aphunzitsi ake alipo kale, ena ali pantchito ku Chipata ndi ku Katete, ena anapuma ndipo akulima m'midzi yomwe ino. Magulu a amayi ndi abambo odzipereka amene amaperekeza apakati kuchipatala asonyeza kale kuti anthu akumudzi akaphunzitsidwa amagwira ntchito. Chotsala ndi chakuti unduna wa zachitetezo ndi wa zaumoyo agwirizane, bungwe loona za pamsewu la RTSA liike phunziroli pa zofunika kwa oyendetsa mabasi ndi njinga zamoto, makhonsolo a Petauke ndi Nyimba apereke chipinda, ndipo mafumu aitane anthu awo.